Galimoto ikamagogoda pansi, wamalonda asatseke makutu

Pa Bembeke Turn Off, m'mbali mwa msewu wa M1, kachewere, kabichi ndi tomato zimakwera galimoto tsiku ndi tsiku kupita ku Lilongwe, Blantyre ndi misika ina. Kuchokera kuminda kudzafika pa tala, katunduyu kawirikawiri amanyamulidwa ndi mapikiapu akale monga Toyota Hilux ndi Nissan 1400. Ambiri mwa magalimotowa amagogoda pansi, koma eni ake amangoti, "Ndi mmene imalirira." Wamalonda wokhulupirira mawu amenewa akuika mpamba wake pachiswe.

Phokoso lililonse lili ndi chimene likunena. Kugogoda pa bampu kapena padzenje nthawi zambiri ndi mabushi a mashoko amene atha, kapena bawuti yomasuka. Kulira kwa kwii-kwii kumbuyo ndi mabushi a masipuling'i omwe auma kapena ang'ambika. Kugogoda kutsogolo pokhota kumaloza ball joint kapena tie rod end, ndipo kumeneku ndiye koopsa: ball joint ikazuka, tayala limapindika galimoto ili pa liwiro.

Kufufuza sikulira ndalama. Munthu akanikize ngodya imodzi ya galimoto n'kuisiya. Ikapitiriza kudumphadumpha, shoko yafa. Akweze tayala lakutsogolo ndi jeke n'kuligwedeza atagwira pamwamba ndi pansi. Likamaseweraseweramo, vuto ndi ball joint kapena bering'i. Likamasewera atagwira m'mbali, ndi tie rod end. Galimoto ikapendekera mbali imodzi ilibe katundu, sipuling'i yathyoka kapena yatopa. Ikamayenda chammbali ngati nkhanu, bawuti yapakati pa masipuling'i yaduka.

Zimenezi zikukhudza wamalonda chifukwa ndiye woyamba kuluza. Mashoko akafa, tomato amaphwanyikira m'mabasiketi ndipo pamsika amagulidwa pamtengo wa wowola. Galimoto ikafera panjira, kabichi amafota padzuwa, msika wam'mawa umadutsa, ndipo pamafunika ndalama ya hayala yachiwiri. Mwini galimoto akonza mawa, koma tomato sadikira mawa.

Komabe amalonda nawo asadziyeretse. Nissan 1400, yomwe inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, inapangidwira katundu wongopitirira pang'ono theka la tani, ngati matumba 11 a makilogalamu 50. Thumba la kachewere losokerera pamwamba limalemera kuposa pamenepo. Wamalonda akaumiriza matumba 20, iye ndi anzake n'kukwera pamwamba, ndiye akuthyola masipuling'iwo ndi manja ake. Maulendo awiri amadya mafuta ambiri, koma sangafanane ndi kutaya katundu yense m'ngalande.

Eni magalimoto amadandaula kuti zipangizo zinakwera mtengo, makamaka kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Akunena zoona. Koma mabushi ndiwo otsika mtengo kuposa zonse zapansi pa galimoto. Akawalekerera, chitsulo chimadya chitsulo chinzake, tayala limatha mbali imodzi, ndipo bilu ya makaniko imakula kangapo.

Njira zachidule nazonso zimapweteketsa. Sipuling'i yothyoka saiwotcherera, chifukwa moto umapha mphamvu ya chitsulo ndipo imadzathyokanso itasenza katundu. Kumanga ndi malegeni kungothandiza kufika kugalaja, si kukonza. Oyilo wa injini pa mabushi a mphira amatontholetsa phokoso masiku ochepa, kenako amaoletsa mphirayo. Mashoko amasinthidwa awiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere.

Wamalonda amafinya tomato ndi kupenda kachewere asanalipire. Galimoto ya hayala aichitenso chimodzimodzi: aizungulire isanapakidwe, asuzumire masipuling'i ndi matayala, afunse ngati COF yake ikugwira ntchito, amvetsere ikamanyamuka. Dalaivala akakweza wailesi kuti kugogoda kusamveke, ndi bwino kutsitsa matumbawo n'kudikira galimoto ina, ngakhale mtengo wake utakwererako.