Phiri la Mulanje Lifuna Alendo a Kwathu Konkuno

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mwezi wathawu ndinatumidwa ku Mulanje pa ntchito ya nyuzi ino, ndipo nditaitsiriza ndinakhalako masiku ena atatu, ndi kuyendayenda m'midzi ya patsinde pa phiri. Tsiku lachiwiri ndinakwera kuchokera ku Likhubula kunka ku Dziwe la Nkhalamba, pamodzi ndi mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi amene ntchito yake ndiyo kuperekeza alendo m'phirimo. Tiri m'njira ndinamfunsa kumene alendo ake achokera, ndipo iye anatchula maiko ambiri a kutsidya kwa nyanja. Koma pamene ndinamfunsa za aphunzitsi ndi makalaki a m'maofesi athu, anaseka, nanena kuti otere amawaona akadza ku msonkhano pa boma; akatha kudya akwera galimoto nabwerera kwao, ndipo phiri aliona pa zenera pokha.

Mau amenewa anandichititsa manyazi, pakuti inenso ndakhala ndiri kupita ku Mulanje zaka zambiri osaponda m'phirimo. Chifukwa chake ndifuna kuika nkhani iyi pamaso pa awerengi athu, makamaka antchito a Boma ndi aphunzitsi, amene alandira malipiro mwezi ndi mwezi ndiponso ali ndi tchuthi chaka ndi chaka. Ganizo langa ndi ili: phiri la Mulanje lidzasungika pokhapokha ngati midzi ya patsinde pake ipeza phindu m'phirilo mitengo iri chiimire. Phindu lotere lidza ndi alendo, ndipo alendo oyamba ayenera kukhala ife eni dziko.

Malo Ake ndi Otani

Boma la Mulanje ndi tauni yaing'ono, yosafika pa mzinda komanso yoposa mudzi. Wochokera ku Blantyre afikako pasanathe maola awiri, kaya adzera msewu wa Thyolo kaya wa Midima. Ayamba kufika pa Chitakale, pamene pali masitolo ndi msika, ndipo patsogolo pang'ono apeza maofesi a Boma, chipatala ndi polisi. Koma akangopatuka pa msewu waukulu tauni itha pomwepo, ndipo alowa m'minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse. Tiyi ameneyu ali ndi mbiri yaitali, pakuti mu 1891 Mzungu wina dzina lake Henry Brown anambzala pa munda wa Thornwood, ndipo lero Mulanje ndi Thyolo ndiwo maboma amene dziko lathu lidalira pa mbewu imeneyi.

Pakati pa minda ya tiyi ndi phiri pali midzi ing'onoing'ono ya Alomwe, Amang'anja ndi Ayao, yobisika m'nthochi ndi m'mitengo ya mapeyala. Anthu ake alima chimanga, chinangwa ndi nandolo, ndipo m'mbali mwa phiri alima chinanazi chimene mbiri ya kukoma kwake yafika dziko lonse. Koma mlendo wopenyetsetsa aona msanga kuti anthu ndi ambiri ndipo timinda tawo ndi tating'ono. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tidzabwereranso kwa iyo.

Pamwamba pa zonsezi paima phiri lenilenilo. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ifika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena m'Malawi okwera kuposa pamenepo. M'phirimo muchokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi ina yambiri. Munthu aliyense apezamo ulendo wolingana ndi mphamvu zake. Wokalamba kapena wokhala ndi ana angathe kuyenda ola limodzi kuchokera ku ofesi ya za nkhalango ku Likhubula, nafika pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi ake azizira ngakhale m'mwezi wa October. Wamphamvu akwera kufika ku Chambe kapena ku Lichenya, nagona m'nyumba za alendo zimene zinamangidwa pamwamba, m'mene mlonda amkonzera nkhuni ndi madzi. Wofuna Sapitwa apatula masiku atatu, nagona ku Chisepo asanakwere nsonga. Chaka ndi chaka pachitikanso mpikisano wa liwiro wotchedwa Porters Race, pamene anyamata ndi atsikana athamanga makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri, mtunda umene mlendo wamba auyenda tsiku lathunthu kapena awiri.

Chimene Chiri pa Ngozi

Tsono wina angafunse kuti, kodi phiri lingathawe? Miyala yake sidzachoka, inde. Koma chovala chake chiri kutha tiri kuona. Nkhalango ya Mulanje inaikidwa pansi pa lamulo mu 1927. Mu 1984 mkungudza wa Mulanje, umene sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Komabe mu 2017 akatswiri atayendera phirilo anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha. Inayo inatha ndi macheka a anthu oba matabwa, pakuti mtengowu sufumbwa ndipo chiswe sichiudya, kotero kuti mtengo wake pa msika ndi wokwera. Mitengo ya mitundu ina iri kutha ndi makala, nkhuni ndiponso moto wa osaka nyama.

N'chapafupi kwa ife okhala m'tauni kunena kuti anthu a m'midziyo ndi osamva lamulo. Koma tikumbukire timinda tija. Mnyamata wopanda munda wokwanira, wopanda ntchito, amene ali ndi mkazi ndi ana, akayang'ana kumbuyo kwa nyumba yake aona chuma chimodzi chokha, ndicho mitengo. Ndipo makala amene awotcha agulidwa ndi yani? Agulidwa ndi ife a ku Limbe ndi ku Blantyre. Chotero mlandu uwu uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali imodzi iri pakhomo pathu.

Nkhalango ya phiri iri ngati nkhokwe ya madzi. Igwira mvula ya dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Kuyambira mu 2019 ena a mu mzinda wa Blantyre amwa madzi ochokera ku mtsinje wa Likhubula, ndipo kalaki wotsegula mpopi wake m'mawa mwina sadziwa kuti ali kumwa za m'phiri limene sanalionepo pafupi. Akuluakulu anati chitsime chidziwika kuya kwake chikaphwa. Tiyeneranso kukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991, amene anapha anthu mazanamazana, ndiponso namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anakokolola midzi ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kummwera. Kunena zoona, mvula ya Freddy inali yopitirira muyeso, ndipo palibe nkhalango imene ikadaletsa zonse zija. Komabe mlimi aliyense adziwa kuti madzi athamanga kwambiri pa nthaka yopanda mizu.

Chimene Mlendo Adzetsa

Boma lachita mbali yake. Liri ndi alonda a nkhalango. Pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lathandiza midzi kufesa mbande za mkungudza ndi kuzibzala m'phiri. Ndipo mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kutsatira paki ya pa Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pa miyala ku Chongoni mu 2006. Koma alonda sangaime pa mtengo uliwonse usiku ndi usana. Mlonda woposa onse ndiye munthu wa m'mudzi amene chakudya chake chichokera ku phiri losaonongeka.

Taonani m'mene ndalama za mlendo mmodzi ziyendera. Alipira wanjinga amene amtenga pa Chitakale. Alipira womperekeza ndi womnyamulira katundu. Agula chinanazi ndi nthochi kwa mai wa pambali pa njira, apatsa kangachepe mlonda wa nyumba ya pamwamba, ndipo potsika adya nsima pa msika. Ndalama zimenezi sizipita ku likulu. Zigona m'mudzi usiku womwewo. Mnyamata uja anandiperekeza anandiuza kuti pamene aona utsi m'phiri mtima wake umgunda, chifukwa adziwa kuti palibe mlendo amene adzalipira kuti akaone phulusa.

Nanga bwanji osangodalira alendo akunja? Chifukwa mlendo ndi mame. Adza pa nyengo yake, ndipo kukagwa zovuta kwao sadza konse. Tinaona zimenezi mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa ndege, ndipo operekeza alendo anakhala manja lende miyezi yambiri. Munthu akasowa chotere abwerera ku nkhwangwa. Koma mphunzitsi wa ku Zomba kapena kalaki wa ku Thyolo safuna ndege kuti afike ku Likhubula.

Mayankho kwa Okayika

Ndidziwa zimene ena a awerengi athu ali kunena m'mtima. Choyamba, ati malipiro ndi ochepa. Izi ndi zoona, ndipo sindifuna kuzichepetsa. Koma ulendo wa tsiku limodzi ku Dziwe la Nkhalamba sufuna hotela. Anthu khumi a mu ofesi imodzi akasonkha ndalama monga achitira pa ukwati wa mnzao, nanyamula kamba wochokera kunyumba, mtolo upepuka. Ambiri a ife tiononga zoposa pamenepo Loweruka limodzi la kutha kwa mwezi, ndipo Lolemba sitikumbukira kumene zinapita.

Chachiwiri, ati tchuthi ndi cha kumudzi, kukaona makolo ndi kukalima. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo usathe. Pempho langa ndi la masiku awiri okha pa chaka. Wantchito amene akhala pa mpando miyezi khumi ndi iwiri osatuluka thukuta adziitanira matenda a mtima ndi a shuga, ndipo Boma litaya wantchito, banja litaya mutu.

Chachitatu, ati m'phirimo muli mizimu. Sindidzaseka chikhulupiriro chimenechi. Makolo a m'deralo analiyesa phirilo malo opatulika, napereka nsembe m'menemo, ndipo dzina lenilenilo la Sapitwa lichenjeza. Ndiponso ulemu umene UNESCO inapereka unadza makamaka chifukwa cha miyambo imeneyi ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Munthu akhulupirire kapena asakhulupirire, malangizo a makolo ali ndi nzeru: usayende wekha, usapatuke pa njira, usachite phokoso lachabe. Chiperoni chikadza, nkhungu iphimba njira m'kanthawi kochepa ndipo kuzizira kukula. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafera pafupi ndi Sapitwa atasiya womperekeza wake ndi kupitirira yekha. Chotero wopita kumeneko atenge womperekeza wodziwika ku ofesi ya za nkhalango, anyamule chofunda, ndipo amvere akauzidwa kuti abwerere.

Mau kwa Aphunzitsi ndi Akuluakulu a pa Boma

Aphunzitsi, inu mujambula phiri ili pa bolodi chaka ndi chaka, ndi kuphunzitsa ana m'mene mvula igwera mbali imodzi ya phiri koposa inzake. Kodi phunzirolo silikadakoma mukadanena zimene maso anu anaona? Wophunzitsa mbiri yakale angapite ku mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kumene kuli mabwinja a linga la Fort Lister, limene linamangidwa mu 1893 kuti litseke njira ya ogula akapolo. Mwana amene waima pa malo otere sadzaiwala phunzirolo. Akulu a masukulu apafupi aganizirepo zokonza ulendo umodzi pa chaka, ndipo makolo auzidwe nthawi ikadalipo.

Kwa a Khonsolo ndi a za nkhalango pempho ndi lakuti malipiro a operekeza ndi onyamula katundu alembedwe poyera m'Chichewa pa malo onse oyambira ulendo, kuti mlendo wa kwathu asaope kunyengedwa ndiponso wantchitoyo asaponderezedwe. Mafumu a midzi nawonso akhale nawo pa zokambirana zotere, pakuti alendo adutsa m'mabwalo awo.

Ndipo ife alendo tidzisunge. Tipereke moni kwa eni mudzi, tisajambule munthu osampempha, tisataye mabotolo ndi mapepala m'mitsinje imene anzathu amwa kumunsi. Tisanyoze mtengo wa chinanazi cha mai amene wachisenza kuchokera kumunda. Koposa zonse, tisagule mabokosi kapena zosema za mkungudza, zingakome bwanji, pakuti wogula ndiye anola macheka. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo.

Potsika tsiku lija ndinalonjeza mnyamata uja kuti ndidzabweranso nyengo ya chisanu ikadza, ndipo sindidzadza ndekha. Anzanga anayi a mu ofesi muno avomera kale kusonkha. Awerengi amene adzapitako atilembere kalata kutiuza zimene anaona, ndi zimene ziyenera kukonzedwa, ndipo tidzazisindikiza pa tsamba lino.