Nyale za Khirisimasi ku Malo Osungirako Nyama ku Joni

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera kalata. Akuti mwana wawo amene ali pa ntchito ku Johannesburg wawaitana kuti akadye naye Khirisimasi, ndipo walonjeza kuti tsiku lina madzulo adzatenga banja lonse kukaona nyale ku malo osungirako nyama zakuthengo. Tsono mayiwo akufunsa zinthu ziwiri: kodi nyale zimenezi n'chiyani, ndipo kodi n'chanzeru kusiya munda mwezi wa Disembala chifukwa cha nyale? Tidziwa kuti ambiri a inu muli ndi ana ku Joni, chotero tiyankha pano kuti nonse mumve.

Malowo dzina lake ndi Johannesburg Zoo. Anatsegulidwa m'chaka cha 1904, ndipo kukula kwake ndi mahekitala ngati 55. Nyama zoyamba anapereka ndi Sir Percy FitzPatrick. Eni ake a dothilo polipereka kwa mzinda anaika pangano lakuti likhale la anthu a mitundu yonse, kotero kuti ngakhale m'zaka za tsankho munthu wakuda ankalowamo. Kapena ena mwa akuluakulu athu amene anapita kumigodi ndi Wenela anafikako tsiku Lamulungu, ndipo angathe kutichitira umboni.

Mwambo woyatsa nyale m'malo otere sunayambire ku Joni ayi. Unachokera ku maiko ozizira a kumpoto. Kumeneko Disembala ndiye mwezi wa chisanu choopsa, ndipo dzuwa silikhalitsa. Ku London masiku a Khirisimasi limalowa 4 koloko isanakwane. Nthawi yotere anthu safuna kutuluka m'nyumba kukaona mikango, koma mikangoyo imadyabe tsiku ndi tsiku, ndipo oisamala ayenera kulandira malipiro awo. Ndiye oyang'anira anaganiza kuti, popeza mdima wachuluka, tiyeni tigulitse kuwala. Ku Toledo, m'dziko la America, anayamba mu 1986, ndipo ku Chicago, pa Lincoln Park Zoo, mu 1995. A ku Johannesburg anatsatira mu 2019, ngakhale kuti kwa iwo Disembala ndi dzinja monga kwathu kuno, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 7 koloko.

Kapangidwe kake si kachilendo kwa inu. Mwaonapo ana anu akupinda mawaya kupanga galimoto. Amisiri a nyalezi amachita chimodzimodzi, koma ndi zitsulo zolimba, napanga nyama yaikulu ngati yeniyeni. Akatha amakulunga chitsulocho ndi zingwe za timababu tambirimbiri, tofiira, tobiriwira, tachikasu ndi toyera. Mitengo ya m'mbali mwa njira nayonso amaikulunga. Masana mukaona mungoti ndi zitsulo zotayidwa, koma kukada, akayatsa, njovu ija imaima mumdima yoyaka thupi lonse. Timababuto ndi ta mtundu wa LED, womwewo umene uli m'tochi yanu ndi m'nyale ya sola. Sitidya magetsi ambiri, ndipo sititentha monga mababu akale aja. N'chifukwa chake n'kotheka kuyatsa tambiri chotero usiku ndi usiku kwa mwezi wathunthu, mtengo osapserera.

Tsopano mverani bwino apa, pakuti ena amabwerako atakhumudwa. Usiku wa nyale si usiku woona nyama zamoyo. Zambiri zimakhala zitalowa m'nyumba zake zogona, monga inu mutsekera mbuzi dzuwa likalowa, ndipo makola ake sayatsidwa. Ngati mtima wanu uli pa mkango weniweni, uzani mwana wanu akuperekezeni tsiku lina masana. Pamenepo mudzaonanso chifanizo cha Max, nyani wamkulu wa mtundu wa gorila. Mu 1997 wakuba wina pothawa apolisi analumphira m'khola mwake namuwombera ndi mfuti, koma Max analimbana naye, wakubayo nagwidwa. Max anachira, nakhala ndi moyo kufikira 2004. Koma usiku musagogode pa makola, ndiponso musaunikemo ndi tochi ya lamya. Nyama nayo ifuna tulo.

Wina adzati, nanga ine wokulira m'mudzi, amene ndathamangitsa anyani m'munda kuyambira ubwana wanga, ndikalipire ndalama kukaona nyani wa waya? Funso limeneli n'loona, ndipo ife sitiliseka. Komabe tikuti kwa mayi a ku Ntcheu, pitani. Chifukwa chake si nyale ayi, koma adzukulu anu.

Taganizani. Ana obadwira ku Joni amakula ndi Chingerezi ndi Chizulu. Agogo akafika, ana aja amapereka moni, kenaka n'kukhala chete, maso pa lamya, chifukwa palibe chowalumikiza. Agogo adziwa za munda, mwana adziwa za tauni, ndipo masiku amatha akungoyang'anana m'kachipinda. Koma pamaso pa nyama ya nyale, wodziwa zambiri ndi inu. Mwana angodziwa kuti n'chokongola. Inu mudziwa dzina lake m'chinenero cha makolo ake, mudziwa kalilidwe kake, phazi lake pa matope, ndi zimene imachita. Muuzeni kuti iyi ndi njovu, uyu ndi nyamalikiti, iyi ndi mbidzi, ndipo abwereze kufikira lilime lizolowere. Mukapeza mvuu, muuzeni kuti nyama yooneka yaulesiyi imatuluka m'madzi usiku, ndipo anthu a m'mbali mwa Shire amagona m'misasa kulondera chimanga chifukwa cha iyo. Mukapeza fisi, musiyeni mwana aseke poyamba, kenaka muuzeni chifukwa chake khola la mbuzi timalimanga m'mwamba. Ngati pali kalulu, apo ndiye nthano zayamba, ndipo sizidzathera pomwepo. Mawa lake mwana yemwe uja adzabwera yekha kudzafunsa kuti kalulu anatani pambuyo pake. Masana zinthu zotere zimavuta, chifukwa ana amathamanga uku ndi uko. Usiku mwana amagwira dzanja la wamkulu, namvetsera, monga ankachitira ana athu pa moto.

Pali zina zofunika kuzisamala. Joni ali pamtunda, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, kotero ngakhale dzinja usiku kumazizira. Tengani juzi ndi chitenje chapadera. Mvula ya kumeneko imakonda kugwa madzulo, ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala. Ikayamba musabisale pansi pa mtengo. Valani nsapato zimene munazizolowera, pakuti kuyenda n'kwambiri, ndipo nsapato yatsopano ya Khirisimasi idzakutupitsani phazi musanafike pakati. Anthu amachuluka ndipo kuseri kwa nyale kuli mdima, chotero wamkulu aliyense apatsidwe mwana wakewake womuyang'anira. Musanene kuti tonse tikuwaona, chifukwa mwana wotero ndiye amasowa. Lembani nambala ya lamya ya bambo wake pa kapepala, muike m'thumba la mwana aliyense, ndipo polowa mugwirizane malo okumanirana wina akasokera.

Pakhomo amalipiritsa munthu aliyense, ndipo m'katimo muli ogulitsa zakudya ndi tinthu tokopa ana. Idyani nsima kunyumba musananyamuke. Ndipo inu mayi, kambani ndi mwana wanu poyera za ndalama ulendo usanayambe. Ngati ndalama ya basi ndi ya pakhomo ndi yomweyo imene akanatumiza ya feteleza, ndiye ulendo udikire chaka china. Musachite manyazi kufunsa. Ana ambiri ku Joni amabisa mavuto awo pofuna kukondweretsa makolo, nalowa m'ngongole imene adzaisenza kufikira Malichi.

Tifike tsono pa funso lachiwiri, la munda. Apa sitikunyengererani. Disembala ndiye mwezi umene nkhokwe imadzazidwa kapena kuphonyedwa. Chimanga chikamera, udzu umamera nacho pamodzi, ndipo ukachipitirira m'masabata oyamba aja, ngakhale mupalire bwanji pambuyo pake sichibwereranso mwakale. Feteleza wobereketsa nayenso ali ndi nthawi yake, pakatha masabata ngati atatu chimanga chitamera. Ndiponso kuyambira dzinja la 2016 ndi 2017 tili ndi mbozi ya ntchemberezandonda, imene ifuna munthu woyendera munda kawirikawiri ndi kusuzumira m'nsonga za chimanga. Ulendo wa basi wodzera pa Dedza kapena pa Mwanza, kupyola Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, umadya masiku ngati awiri kupita ndi awiri kubwera, ndipo masiku a Khirisimasi pa Beitbridge pamakhala mzere wautali.

Chotero werengani masiku kuyambira tsiku limene munabzala. Ngati mvula inabwera msanga, palirani ndi kuthira feteleza musananyamuke. Ngati yachedwa, musapite nonse awiri, mmodzi atsale. Amene mudzamusiyire munda akhale munthu wamkulu wodziwika, osati mnyamata wongomuuza pa msewu. Mulongosoleni ntchito yake pamaso pa mboni, musiyireni feteleza woyezeratu, ndipo theka la malipiro ake mudzampatse mukabwera, mutauona munda ndi maso anu. Onaninso pasipoti yanu lero lomwe ngati isanathe masiku, pakuti kukonzetsa ina kumatenga nthawi. Mlendo ndi mame: masabata awiri akwanira.

Mayi a ku Ntcheu, mukabwerako mutilembere. Tifuna kumva maina a nyama amene adzukulu anu anawagwira, ndiponso m'mene munaupezera munda.