Kakuleta yakale ija musafulumire kuitaya

Mwezi wa Ogasiti ukafika, makolo a ku America amene ali ndi ana kusekondale amalandira kalata yochokera kusukulu yotchula zinthu zoti agule. Pakati pa makope, mapensulo ndi chikwama pamakhala kanthu kamodzi kodula kuposa zonsezo: kakuleta yojambula magalafu. Nthawi zambiri kalatayo imachita kutchula dzina, TI-84 Plus ya kampani ya Texas Instruments, ndipo m'sitolo mtengo wake umapitirira madola 100. Kholo limangolimba mtima n'kugula, poopa kuti mwana angalephere masamu chifukwa cha kuumira kwa makolo ake. Chonsecho m'nyumba zambiri muli kale kakuleta ya mtundu womwewo, imene mkulu wake wa mwanayo kapena azakhali ake anaisiya atamaliza sukulu, ili phee m'dilowa.

Kodi yakaleyo ingagwirebe ntchito? Funsoli likuvutitsanso Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene akulerera ana ku America, ku Britain ndi ku South Africa, komanso makolo a ku Lilongwe ndi Blantyre amene ana awo amalemba mayeso akunja. Pa masamu ambiri a kusekondale yankho ndi lakuti ingagwire bwinobwino, ndipo masukulu akulakwa posawauza makolo zimenezi.

Kakuleta yoyamba ya mtunduwu inachokera ku Japan. Kampani ya Casio inayamba kugulitsa fx-7000G mu 1985. Texas Instruments inalowa m'bwalo mu 1990 ndi TI-81, kenako TI-82 mu 1993, TI-83 mu 1996, TI-83 Plus mu 1999 ndi TI-84 Plus mu 2004. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kakuleta imene kholo likuiona ili nyezinyezi m'paketi nayonso ndi nkhalamba ya zaka zoposa 20. Kachipangizo kowerengetsera ka m'kati mwake ndi ka mtundu wa Z80, kamene kampani ya Zilog inatulutsa mu 1976, makolo ambiri a ana a sekondale a lero asanabadwe n'komwe. Sikirini ya TI-83 Plus ndi ya TI-84 Plus n'zofanana: timadontho 96 m'litali ndi 64 m'lifupi. Mabatani nawo ali pamalo omwewo. Yatsopanoyo imaposa inzake liwiro, 15 MHz pomwe inayo ili ndi 6 MHz, ili ndi malo ambiri osungira zinthu, ndiponso ili ndi polowetsera chingwe cha USB. Mu 2015 kunabwera TI-84 Plus CE, yopyapyala, ya sikirini yamitundumitundu ndi batire yotchaja. N'zoona ndi yokongola, ndipo mizere iwiri ikakhala yofiira ndi yabuluu mwana amaisiyanitsa msanga. Koma masamu amene imachita ndi omwe aja.

Tiyeni tione pafupi. Mphunzitsi walemba pabolodi y = x² − 5x + 6. Mwana akanikiza batani la Y=, n'kulemba samuyo, kenako batani la GRAPH. Pasikirini pakutuluka mzere wokhota, wotsika n'kukweranso, wodula mzere wa x pa 2 ndi pa 3. Akafuna kudziwa pamene mzerewo watsikira kwambiri, akanikiza 2nd ndi TRACE, asankha minimum, ndipo kakuleta imuuza kuti ndi pa 2.5, pomwe y ndi −0.25. Mwana amene wagwira TI-83 Plus ya mu 1999 ndi mnzake wa TI-84 Plus CE akanikiza mabatani omwewo motsatana chimodzimodzi. Wa yakaleyo adikira kamphindi kuti mzere umalize kudzijambula, basi. Palibe wolemba mayeso amene anataya malikisi chifukwa cha kamphindi kameneko.

Nanga n'chifukwa chiyani kanthu kakale chonchi sikatsika mtengo, pomwe foni ya mtengo womwewo ili ndi mphamvu zoposa pamenepo kutalitali? Chifukwa chake chili m'chipinda cha mayeso. Bungwe la College Board linalola makakuleta pa mayeso a SAT mu 1994, ndipo mu 1995 linalamula kuti wolemba AP Calculus akhale ndi yojambula magalafu. Aphunzitsi awiri a pa Ohio State University, Bert Waits ndi Frank Demana, anali atayamba kale kuphunzitsa aphunzitsi anzawo kagwiritsidwe ntchito ka zipangizozi, ndipo Texas Instruments inaika ndalama zake pa maphunzirowo. Olemba mabuku a masamu anayamba kusindikiza zithunzi za mabatani a TI m'mphepete mwa masamba. Mphunzitsi amene anaphunzira pa TI amaphunzitsa pa TI, ndipo kholo silingakane. Mu 2014 nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti mwa makakuleta ojambula magalafu 100 alionse ogulidwa ku America, 93 anali a Texas Instruments, ndipo katswiri wina wa zamalonda anayerekeza kuti kupanga TI-84 Plus imodzi kumadya madola 15 mpaka 20 okha. Kampaniyo siiba, ikuchita malonda. Koma sukulu si sitolo, ndipo sizoyenera kuti kalata ya sukulu izigwira ntchito yotsatsa malonda a kampani.

Komabe si yakale iliyonse imene ingathandize, ndipo wonena kuti zonse n'zofanana akunamiza makolo. TI-81 ndi TI-82 zatsalira kwambiri: zilibe gawo la statistics limene linabwera ndi TI-83, monga kuwerengetsa mwayi pa normal distribution ndi binomial distribution. TI-83 Plus nayo ili ndi pamene imaperewera. Mu 2010 eni TI-84 Plus analandira pulogalamu ya MathPrint, yolemba fulakishoni monga imaonekera m'buku, nambala ina pamwamba ina pansi. TI-83 Plus sinalandire. Pa iyo zonse zimalembedwa pamzere umodzi, ndiye mwana amene akufuna kugawa 12 ndi 2 + 4 akaiwala mabulaketi apeza 10 m'malo mwa 2. Vutoli ndi lenileni, ngakhale mphunzitsi wabwino angalisandutse phunziro, pakuti mwana wozolowera kuika mabulaketi amamvetsa dongosolo la kawerengetsedwe kuposa wochitiridwa zonse. Mulibenso invT ndi chi-square goodness of fit, zimene ophunzira statistics yozama amazifuna. Ndipo mulibe njira ya Press-to-Test, yotsekera mapologalamu ndi zosungidwa zonse nthawi ya mayeso, imene pa TI-84 Plus imayatsidwa pogwira mivi ya kumanzere ndi kumanja n'kukanikiza ON. Mwana wa algebra, geometry ndi calculus yoyambirira sadzazisowa zimenezi. Wa statistics ya m'makalasi omaliza ayenera kufunsa kaye.

Chimene chimagwetsa ana ambiri si ukalamba wa kakuleta ayi, koma kusawerenga malamulo a mayeso, ndipo apa yodula kwambiri ndi imene imabwezedwa pakhomo. Mayeso a ACT amakana makakuleta amene amatha kuchita algebra okha, monga TI-89, TI-92 ndi TI-Nspire CAS. Kuyambira mu 2025 College Board nayo inawaletsa pa SAT. TI-83 Plus imalowa konseko popanda woifunsa. Ku Britain, malamulo a bungwe la JCQ amalola yojambula magalafu, bola isachite algebra kapena calculus ya zilembo, isalumikizane ndi makina ena, ndiponso isakhale ndi mawu kapena mafomula osungidwa. Kuyambira mu 2017 silabasi ya A-level imafuna kakuleta yodziwa kubwereza samu ndi kuwerengetsa mwayi pa statistics, ndipo ngakhale Casio fx-991EX, yotchipa ndi yosajambula galafu n'komwe, imakwanitsa zimenezi. Ku South Africa nkhani ndi ina: pepala la masamu la matric limanena m'malangizo ake kuti kakuleta ikhale yosajambula magalafu ndi yosasunga mapologalamu. Kholo la ku Johannesburg logulira mwana TI-84 Plus ya mayeso amenewa lataya ndalama.

Masukulu a ku Malawi otsata masilabasi akunja nawo sali pamzere umodzi. Pa Cambridge IGCSE, silabasi ya masamu ya nambala 0580 imakana kakuleta yojambula magalafu, pomwe ya 0607 imailamula. Dipuloma ya IB, imene Bishop Mackenzie International School ya ku Lilongwe imaphunzitsa, imaifunanso, ndipo bungwe la IB limatulutsa mndandanda wa makakuleta ololedwa umene umasinthidwa nthawi ndi nthawi. Wachibale wakunja akamafuna kutumizira mwana kakuleta, ayambe wafunsa nambala ya silabasi. Mphatso yabwino ikhoza kukathera pa tebulo la woyang'anira mayeso.

Telala wa pakhonde la sitolo sataya makina ake a Singer chifukwa choti kwabwera amagetsi. Amangowathira mafuta n'kusintha lamba. Kakuleta yakale nayo imangofuna kuisamala pang'ono. Choyamba ndi kutsegula kumbuyo. Mabatire anayi a AAA akaiwalidwamo zaka zambiri amawukha, n'kusiya ufa woyera pa timawaya togwira batire, ndipo ambiri amaitaya poganiza kuti yafa. Kathonje konyowetsedwa ndi viniga kamachotsa ufawo. Pakauma, muike mabatire atsopano. Mulinso kabatire kakang'ono ka mtundu wa m'wotchi, kotsekedwa ndi sikuluwu, kosunga zimene zalembedwa pamene mabatire aakulu akusinthidwa. Sikirini ikamaoneka mbee, musathamangire kunena kuti yawonongeka: kanikizani 2nd kenako muvi wa m'mwamba kangapo, zilembo zida. Koma ngati pasikirini pali mizere yosowa kapena zilembo zoduka, kachingwe ka m'kati kayamba kumasuka, ndipo yoteroyo si yopita nayo kumayeso kapena kuigula kwa munthu. Mayeso asanafike, zonse za mwini wake wakale zifufutidwe. Kukanikiza 2nd, +, 7, 1, 2 kumafufuta za pamwamba zokha. Zobisika, kuphatikizapo masewera amene ana a ku America ankabisamo, zimachoka posankha ALL pamalo omwewo.

Mabatire a AAA ali ndi ubwino umene otsatsa malonda satchula. Amapezeka m'golosale iliyonse, ndipo mwana akhoza kutenga ena apadera m'thumba. Batire yotchaja ya TI-84 Plus CE imafooka ikamakalamba, ndipo kumene magetsi amazimazima, monga ku Malawi ndi ku Zambia, usiku woti mawa ndi mayeso si nthawi yodalira chaja.

Pali chifukwa chinanso chosathamangira kusitolo. GeoGebra, imene Markus Hohenwarter anaiyamba ku Austria mu 2001, ndi Desmos, imene Eli Luberoff anaiyamba ku America mu 2011, zimajambula magalafu pa foni ndi pakompyuta kwaulere, momveka bwino kuposa kakuleta iliyonse. Pamene SAT inayamba kulembedwa pakompyuta, mu 2023 kumayiko akunja ndi mu 2024 ku America, Desmos inaikidwa m'kati mwa mayeso momwemo. Kakuleta ya m'manja ikufunikabe chifukwa foni siloledwa m'chipinda cha mayeso, koma ntchito yake ikucheperachepera. Kuwononga madola oposa 100 pa chinthu chimene mwana adzachigwire zaka ziwiri kapena zitatu, pamene china chogwira ntchito chili m'nyumba, n'kulanda ndalama za mabuku.

Aphunzitsi ena amati kalasi imayenda bwino ana onse akakhala ndi kakuleta yofanana, ndipo akunena zoona: n'kovuta kuthandiza ana 30 aliyense ali ndi yakeyake. Koma TI-83 Plus ndi TI-84 Plus sizisokoneza kalasi, monga samu ya pabolodi ija yaonetsera. Chofunika n'chakuti kalata yopita kwa makolo itchule ntchito zimene kakuleta iyenera kuchita, ndi mitundu yonse yovomerezeka, yakale ndi yatsopano yomwe, osati dzina limodzi lokha. Sukulu ikhozanso kupempha omaliza maphunziro kuti asiye makakuleta awo, n'kumabwereketsa kwa ana ovutika monga ichitira ndi mabuku a mulaibulale. Mwana wosauka asamakhale kumbuyo kwa kalasi n'kumasuzumira ya mnzake pomwe mazana a zipangizozi akuchita dzimbiri m'nyumba za anthu.

Inu makolo, musanatulutse ndalama funsani aphunzitsi dzina la mayeso ndi nambala ya silabasi, muone malamulo a bungwe lolembetsa mayesowo, kenako mutsegule dilowa ija. Kakuleta yakaleyo ikakhala yololedwa ndipo ikuyaka bwino, mupatseni mwana kumayambiriro kwa chaka, osati sabata ya mayeso, kuti zala zake zizolowere mabatani.