Makiyi a kernel asamaperekedwe kwa aliyense

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi dandaulo. Tikafika pa mutu wa operating system timangoti kernel ndi mtima wa kompyuta, ana n'kukopera, belu n'kulira, basi. Funso lenileni timalizemba: n'chiyani chiyenera kukhala mkati mwa kernel, nanga n'chiyani chiyenera kutsala panja?

Kernel ili ngati a hedi amene amasunga makiyi a zipinda zonse. Pulogalamu wamba ikalakwitsa imafa yokha, kompyuta n'kupitiriza ntchito. Koma chinthu cha mkati mwa kernel chikalakwitsa, makina onse amagwa, chifukwa mmenemo mulibe mpanda: chilichonse chikhoza kulemba paliponse mu memory. N'chifukwa chake ine ndikuti mkatimo muzikhala zokhazo zimene sizingagwirike kwina: kugawa nthawi ya purosesa, kugawa ndi kuteteza memory, ndiponso kupititsa mauthenga pakati pa mapulogalamu. China chilichonse chofuna kulowa chiyambe chafotokoza chifukwa chake.

Mkanganowu ndi wakale. Mu Januwale 1992, Andrew Tanenbaum, pulofesa wa ku Amsterdam amene analemba MINIX, ananena poyera kuti Linux ndi yachikale chifukwa inaunjika ma driver ndi file system mu kernel imodzi yaikulu. Linus Torvalds, panthawiyo wophunzira ku Helsinki, sanagonje. Mbali yake imati kutumizirana mauthenga pakati pa tizigawo tambirimbiri kumachedwetsa makina ndiponso kumavuta kulemba. Mfundoyi ndi yoona, ndipo Linux inapambana: lero ili m'mafoni a Android ndi m'ma server ambiri padziko lapansi.

Koma kupambana pamsika sikutanthauza kuti wakhoza mafunso onse. Mu 1996 Microsoft inalowetsa zojambula pa sikirini mu kernel ya Windows NT 4.0 pofuna liwiro. Pofika pa Windows Vista inatulutsanso gawo lalikulu la ma driver a sikirini, chifukwa ankagwetsa makina. Linux nayo inayesapo kusunga web server mkati mwa kernel, kenako inaichotsa, ndipo mu 2005 inalandira FUSE, yolola file system kugwira ntchito panja.

Amene akukayikabe akumbukire pa 19 Julaye 2024. Kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yachitetezo, imene inali ndi driver mkati mwa kernel ya Windows. Malinga ndi Microsoft, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zinaimitsa ntchito zina, ndipo makina ambiri anafunika munthu woti akawakonze amodziamodzi. Pulogalamuyo ikanakhala panja, ikanafa yokha. Apple inali itayamba kale, mu 2019, kukankhira mapulogalamu otere kunja kwa kernel.

Ndiye wina akati "tiike mkati kuti zizithamanga," tizimufunsa kuti chikagwa chigwa ndi ndani. Liwiro limene wapeza ndi lake, koma tsoka likadza ndi la tonse.

Anzanga, temu ino tisangowauza ana tanthauzo loti aloweze. Tiwapatse mndandanda: driver ya printa, antivirus, file system, kugawa memory. Asankhe zolowa ndi zotsala, ndipo ateteze yankho lawo pamaso pa kalasi. Amene mukutsutsana nane, makamaka inu okonda Linux, ndikudikira mfundo zanu.