Tsamba la wailesi lizitseguka pa foni ya mlimi

Nkhani yopanga tsamba la pa intaneti la wailesi ya m'dera ikangoyamba, achinyamata odziwa za kompyuta amagawikana. Ena amati tigwiritse ntchito React, ena amati Vue. Ife amene timathandiza pa wailesi kuno ku Madzimoyo tikuti mkanganowo ukuyambira pakati. Funso loyamba ndi lakuti: tsambalo lidzatsegulidwa pa foni yotani, ndipo adzalikonza ndani likawonongeka?

Tsamba lili ndi mbali ziwiri. Kumbuyo kuli pulogalamu yosungira nkhani, zithunzi ndi mawu ojambulidwa. Ambiri amasankha WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo ndi yaulere, yoti aliyense angathe kuisintha. Kutsogolo kuli nkhope imene wowerenga amaona. React, imene Facebook inatulutsa mu 2013, ndi Vue, imene Evan You anatulutsa mu 2014, ndi zida za JavaScript zomangira nkhopeyo.

Kusiyana kwagona pa amene akugwira ntchito. Tsamba wamba limakonzedwa ku seva, foni n'kungolandira mawu oti awerengedwe. Ili ndi mbale ya nsima yophikaphika. Koma nkhope yonse ikamangidwa pa JavaScript, foni imayamba yakoka pulogalamuyo, n'kuiyendetsa, kenaka n'kuitanitsa nkhani. Apa mlendo mwamupatsa ufa, nkhuni ndi mphika kuti aziphikire yekha. Pa laputopu ya mu ofesi ku Lusaka simungaone vuto. Pa foni yotchipa, netiweki ikubwera n'kumapita, munthu amangoyang'ana choyera mpaka bandulo kutha.

Ndiye taganizani zimene anthu athu amafuna pa tsambalo: mtengo umene FRA ikugulira chimanga, tsiku lolandira feteleza wa FISP, uthenga wa maliro, dongosolo la Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February. Zonsezi ndi mawu ochepa. Mlimi akalephera kutsegula uthenga wa feteleza, sadzati JavaScript yalemera. Adzati wailesi sinatiuze, ndipo adzakhala atataya ndalama ya bandulo imene akanagulira mchere. Tikumbukirenso chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazima maola ambiri patsiku. Foni yotchajidwa movutikira siyenera kuthera batire pa zokongoletsa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfundo yachiwiri ndi mwini wa chidacho. Mu September 2017, Matt Mullenweg, mmodzi wa amene anayambitsa WordPress, analengeza kuti asiya React chifukwa cha mawu ena a m'laisensi yake okhudza ma patent. Patangopita masiku ochepa, Facebook inasintha laisensiyo kukhala ya MIT, ndipo WordPress inapitiriza ndi React m'cholembera chake chatsopano, Gutenberg, chimene chinatuluka mu December 2018. WordPress inamvedwa chifukwa ndi njovu. Wailesi ya m'dera ingadandaule chaka chathunthu popanda woyankha. Chitsanzo china ndi AngularJS ya Google: inatchuka kwambiri, koma mu 2016 kunabwera Angular yolembedwa mwatsopano, ndipo yakaleyo anasiya kuisamalira kumapeto kwa 2021. Amene anamangapo masamba awo anayenera kulembanso.

A Wikipedia, amene ali ndi tsamba la Chichewa lomwe, anasankha Vue mu 2021. Zina mwa zifukwa zawo n'zakuti Vue siili m'manja mwa kampani imodzi yaikulu, ndiponso ingalowetsedwe pang'onopang'ono pa mbali zokhazo zimene zikuifuna. Nkhani zawo zimawerengeka ngakhale JavaScript itazimitsidwa. Ngati iwo, ndi akatswiri awo onse, amatumiza mawu poyamba, ife tikuthamangira kuti?

Achinyamata athu ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Amati React ndiyo imafunidwa pa ntchito, choncho tsamba la wailesi ndi mpata wophunzirira. Tikuvomera kuti aphunzire. Koma wodzipereka sakhalitsa. Lero ali nafe, mawa wapeza ntchito ku Lusaka kapena ku Copperbelt, ndipo timamufunira zabwino. Wotsalayo ndi muulutsi amene amadziwa kulemba nkhani ndi kuika chithunzi basi. Tsamba limene munthu mmodzi yekha amalimvetsa limafa tsiku limene iye wakwera basi.

Choncho maganizo athu ndi awa. React ikhale kumbuyo, m'cholembera cha WordPress, kumene mkonzi amaikoka ali pa kompyuta ya ku situdiyo. Kutsogolo kukhale tsamba lopepuka lokonzedwa ku seva, mawu poyamba, zithunzi zochepetsedwa, ndipo mawu ojambulidwa asayambe kulira okha. Ngati pali kambali kofunikadi JavaScript, monga kosewerera pulogalamu ya dzulo, kaikidwe pamenepo pokha. Wopanga alembe malangizo m'Chinyanja ndi kuphunzitsa anthu awiri asanachoke.

Ndipo tsiku losankha, komiti isaonetsedwe tsambalo pa laputopu. Ibwereke foni yotchipa kwambiri pa gulupo, igule bandulo yaing'ono, ipite kumudzi kutali ndi msewu wa Great East, ikatsegule uthenga wa feteleza. Chida chimene chatsegula msanga ndicho chapambana.