Foni yanu si kiyi wa galimoto

Pali uthenga umene ukuzungulira m'magulu a WhatsApp muno mu Zomba, ndipo kunena zoona watitopetsa. Tauona m'magulu a mipingo, a makolo a ana asukulu, ngakhalenso a anthu a m'maofesi amene tinkayesa kuti amayamba afunsa asanatumize chinthu. Uthengawo ukuti munthu ukakhomera makiyi m'galimoto palibe chodandaula: ungoimbira amene watsala ndi rimoti inayo kunyumba, iye adine batani pafupi ndi foni yake, iwe ulozetse foni yako kuchitseko, basi chitseko chitseguka ngakhale rimotiyo ili ku Lilongwe. Uthengawu wabalanso wina. Uwu ukuti rimoti ndi yachikale, kuli anyamata amene "amalowetsa kiyi m'foni" ukawatumizira kangachepe, ndipo kiyi wa m'foniyo ndiye wodalirika.

Zonse ziwirizi n'zabodza. Bodza loyambalo si lachilendo n'komwe. Linayamba kuyenda pa imelo m'Chingerezi cha m'ma 2004, odziwa za makina analitsutsa kalekale, koma lero lavala Chichewa n'kufika pakhomo pathu ngati nkhani ya dzulo.

Rimoti ya galimoto siyankhula, siimba mluzu, situlutsa phokoso lililonse. Mukadina batani, kamakina kamene kali m'kati mwake kamatumiza mafunde a wailesi. Ma Sienta, ma Note, ma Fit, ma Passo ndi ma Mira amene timaitanitsa ku Japan n'kukawatenga ku Dar es Salaam, rimoti zake zimagwira pa mafunde a cha m'ma 315 MHz, pomwe za ku Ulaya ndi ku South Africa zambiri zili pa 433 MHz. Tanthauzo lake n'lakuti mafundewo amagwedezeka ka 315 miliyoni pa sekondi imodzi. Khutu la munthu, ngakhale lakuthwa chotani, limalekera pa 20,000. Foni poimbirana inapangidwa kuti inyamule mawu a munthu, ndipo pa lamya wamba mawuwo amakhala pakati pa 300 ndi 3,400 basi. Maikolofoni ya foni imamva pokhapokha mpweya ukagwedezeka ndi mawu. Mafunde a rimoti sagwedeza mpweya, ndiye foni ya kunyumba ija palibe chimene ikumva koposa kulira kwa batani pansi pa chala. Chimene sinamve ingachitumize bwanji? Zili ngati kuika foni pambali pa chiwaya cha usipa ku Chinamwali kuti m'bale wanu wa ku Area 25 amve fungo. Palibe angayese zimenezo, chifukwa aliyense akudziwa kuti foni ilibe mphuno. Khutu lomvera rimoti ilibenso.

"Koma ine ndinaona ndi maso anga pa vidiyo." Munaona chitseko chikutseguka, inde, koma simunaone pamene panali rimoti. Rimoti imafika patali kuposa mmene ambiri amaganizira, mamita makumi angapo pamalo opanda chotchinga, ndipo mpanda kapena khoma la nyumba siziiletsa kwenikweni. Wodinayo amakhala ali kuseri kwa nyumba, kapena rimoti yachiwiri ili m'thumba la wojambula yemweyo. Amene akukaika ayese yekha tsiku limene alibe changu: galimoto itsale ku Matawale, mnzake apite ndi rimoti ku Thondwe, aimbe, adine mpaka chala chiwawe.

Chikanakhala chinthu chongochititsa munthu manyazi pa malo oimika galimoto, sitikanataya nacho tsamba lino. Chimene chatidzidzimutsa ndi mwana.

Taganizani mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, galimoto yaima pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Mayi amanga mwana kumpando wakumbuyo, amupatsa makiyi kuti aziseweretsa asalire, atseka chitseko kuti azungulire kumbali ya woyendetsa. Mwana adina batani, zitseko zonse zakhomeka. Zoterezi zimachitika m'mayiko onse kumene kuli galimoto, ndipo zimachitikira makolo osamala omwe. Galimoto yotseka ili padzuwa imatentha mofulumira koopsa: pa mphindi 10 zokha kutentha kwa m'kati kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo kumapitirirabe. Thupi la mwana wamng'ono limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la munthu wamkulu. Mwana wotere alibe ola loti adikire.

Tsono onani chimene uthenga uja umamuphunzitsa mayiyu. M'malo moitana anthu, atulutsa foni. Aimbira bambo a kunyumba, foni ikungoitana. Aimbanso. Ayankha, koma ali kuntchito, rimoti ili kunyumba. Aimbira mtsikana wa pakhomo, ayambe kuisaka m'chipinda, m'chikwama, pansi pa matiresi. Aipeza. Adina, palibe. "Sendezani foni kufupi ndi chitseko." Palibe. "Mwina ndi netiweki, dulani ndiimbenso." Mayunitsi atha. Anthu asonkhana, ndipo pakati pawo sipalephera kupezeka wina amene naye anawerenga uthenga womwewo, n'kumalimbikitsa kuti ayesenso mbali inayo. Mphindi 20 zapita, mwana amene amalira uja wayamba kukhala chete, ndipo ena akuyesa kuti watonthola. Kukhala chete kumeneko ndiko koopsa.

Tikunena mosapita m'mbali. Mwana akakhomeredwa m'galimoto padzuwa ndipo palibe kiyi wina pompo, swani galasi. Sankhani lam'mbali, lomwe lili kutali ndi mwanayo, mulimenye pangodya ndi chitsulo chakuthwa kapena mwala. Lakutsogolo musalimbane nalo, linamatidwa ndi pulasitiki pakati ndipo limangong'aluka osagwa. Mwana akatuluka ali wofooka, wosokonezeka kapena thupi lili moto, mupititseni pamthunzi, mumuthire madzi, muthamangire naye ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chilichonse chimene chili pafupi. Galasi mudzaligula kwa ogulitsa zipangizo za galimoto. Aliyense amene watumiza uthenga uja m'gulu adziwe kuti waika m'mutu mwa kholo lina chifukwa chozengerezera pa nthawi imene kuzengereza kungaphe.

Kuphiri nakonso bodzali lingamugoneke munthu panja. Loweruka ndi Lamulungu anthu amakwera msewu wokhotakhota uja, ena kukadya ku Sunbird Ku Chawe, ena kukajambulitsa pa damu la Mulunguzi ndi pa Williams Falls, olimba mtima n'kupitirira mpaka ku Emperor's View kapena ku Chingwe's Hole. M'nkhalango muja muli malo amene netiweki imasowa, nkhungu imatsika mosachenjeza, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa likangolowa kumazizira kolowa m'mafupa. Munthu amene wasiya kiyi wachiwiri ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60, ali ndi mtima woti "zikavuta ndingoimba", akadzagwetsa rimoti m'madzi pa mathithi adzazindikira mochedwa. Ndipo ngakhale chitseko chitatseguka mwa njira ina, galimoto yolizira pa batani siilira ngati kachipangizo kobisika m'kiyi sikali m'katimo. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Tibwere kwa anyamata olowetsa kiyi m'foni. Bodza lawo limakoma chifukwa lili ndi kachidutswa ka zoona. Kiyi wa m'foni alipodi padziko. Tesla Model 3, imene inatuluka mu 2017, imatsegulidwa ndi foni kudzera pa Bluetooth. Mu Juni 2020 kampani ya Apple inalengeza kiyi wa galimoto wa mu iPhone, ndipo galimoto yoyamba kumulandira inali BMW 5 Series. Koma zimenezi sizigwira poimbirana, zimagwira ndi mafunde ofika pafupi otchedwa NFC, Bluetooth kapena UWB foni ili pafupi ndi galimoto, ndipo galimotoyo imachoka kufakitale ili kale ndi zida zomvera foniyo. Zathuzi n'zina. Ndi galimoto zimene zinayenda zaka zambiri ku Japan zisanakwere sitima, zomwe wailesi yake imathera pa 90 FM mpaka titaikamo kachipangizo kowonjezera, zomwe zimatilonjera m'Chijapani tikaziliza m'mawa. Palibe app imene ingameretse m'galimoto yotere chida chimene opanga sanaikemo.

Ngakhale kwa eni ake a luso limeneli, foni payokha saikhulupirira. Tesla imapereka khadi lotsekulira kuti mwini galimoto aziyenda nalo. Apple inakonza kuti kiyi wake azigwirabe kwa maola osaposa 5 batire la foni litatha, chifukwa ikudziwa kuti mafoni amathima. Pa 19 Novembala 2021 makompyuta a Tesla anasokonekera, madalaivala m'mayiko osiyanasiyana amene ankadalira app anaima panja pa galimoto zawo, mpaka mkulu wa kampaniyo, Elon Musk, anapepesa. Mu Meyi 2022 akatswiri a kampani ya NCC Group ya ku Britain anaonetsa kuti mbava ziwiri zokhala ndi zida zotsika mtengo zingathe kunamiza Tesla kuti foni ya mwini wake ili pafupi pamene ili kutali. Kumeneko n'kumene magetsi sathimathima. Ife tonse tikukumbukira zimene zinatsatira namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene kwa chaka chathunthu ndi miyezi ina munthu ankayenda ndi chaja m'thumba kusaka potchajira. Foni imafuna moto tsiku lililonse. Kabatire kozungulira ka mu rimoti, kaja kolembedwa CR2032 kapena nambala ina yofanana nayo, kamatha chaka, kawirikawiri kupitirira.

Nanga anyamatawo akugulitsa chiyani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wina alandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala yake n'kusiya kupezeka. Wina akutumizirani app yosadziwika kumene yachokera, imene ikangolowa imapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu, ndipo mauthengawo ndi omwewo amene banki imatumizirapo nambala zachinsinsi. Woopsa kwambiri ndi amene akuti mumusiyire rimoti yachiwiri usiku umodzi "kuti aikope", n'kufunsanso nambala ya galimoto ndi kumene imagona. Munthu wamkulu, wogula galimoto ndi thukuta lake, kupereka kiyi m'manja mwa mlendo wa pa WhatsApp! Ife amene takhala tikulandira mauthenga aja akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" tinayenera kukhala titachenjera kale, ndipo zikutidetsa nkhawa kuona kuti chinthu chikangotchulidwa kuti n'chamakono, nzeru zonse zija timazisiya pakhomo.

Ena atiuza za zida zolondolera galimoto zimene zimathimitsa injini ndi uthenga wa pafoni. Zimenezo zilipo, zimamangidwa ndi mawaya ndipo zimakhala ndi simukhadi yakeyake, koma si kiyi, ndipo netiweki ikasowa nazonso zimangokhala.

Sitikunena kuti rimoti ilibe chilema. Madzi amaiwononga. Amene anakhalako ku Johannesburg akudziwa za mbava zimene zimatsekereza mafunde ake pa malo ogulitsira zinthu, mwini galimoto n'kuchoka akuyesa kuti wakhoma, n'chifukwa chake ndi bwino kugwedeza chogwirira chitseko ndi dzanja musanachoke. Ikatayika, kupangitsa ina kumadula, makamaka poti galimoto zambiri za ku Japan zimafika ndi imodzi yokha. Koma chilema chake chachikulu, chomwe ndi kutha kwa batire, opanga anachikonzera njira, ndipo ambiri mwa ife sitiidziwa chifukwa buku la galimoto linabwera m'Chijapani, kapena silinabwere n'komwe.

Tengani rimoti yanu lero, muitembenuze. Pa rimoti zambiri za galimoto za batani, pambali kapena kumbuyo kwake pali kabatani kakang'ono. Mukakasuntha mutulutsa kiyi wachitsulo amene wakhala akubisala m'menemo chigulireni galimoto. Muyeseni pa chitseko cha woyendetsa muli pakhomo, chifukwa loko amene sanalowemo kiyi kwa zaka amalimba ndi fumbi ndipo angafune kadontho ka mafuta. Batire likafooka galimoto n'kukana kulira, pa galimoto zambiri za batani mumangoponda buleki, n'kugunditsa rimotiyo pa batani lolizira, kenako n'kudina. Injini imalira chifukwa kachipangizo ka m'kati kamatenga mphamvu kuchokera ku galimoto yomweyo. Mukaona kuti rimoti yayamba kufuna kuti muiyandikitse kwambiri, sinthani batire musanakwere phiri, ndipo lina muziyenda nalo.

Kiyi wachitsuloyo ali ndi vuto limodzi: rimoti ikakhomeredwa m'galimoto, nayenso wakhomeredwa nayo. Choncho pitani naye kwa odula makiyi akudulireni wina wongotsekulira chitseko, muyese pomwepo ngati akugwira, ndipo azikhala m'chikwama chanu cha ndalama kapena pa chingwe cha makiyi a nyumba, osati m'galimoto. Mwana asapatsidwenso makiyi kuti aziseweretsa, ndipo pomumanga kumpando makiyiwo azikhala m'thumba mwanu mpaka inu mutalowa.