Gulu la 2003 likudyera dzina la LeBron James

Chaka chilichonse mu June, matimu a NBA akamasankha osewera atsopano pa mwambo umene amautcha draft, mkangano wakalekale umadzukanso: ndi chaka chiti chidatulutsa akatswiri oposa onse? Mayankho amazungulira pa zaka zitatu, 1984, 1996 ndi 2003. Achinyamata ambiri okonda basiketibolo, amene adatsegula maso LeBron James ali kale pachimake, amaika 2003 pamwamba osaphethira n'komwe. Akulakwitsa. Pa magulu atatuwa, la 2003 ndi lomaliza, ndipo latsalira patali ndithu.

Palibe akutsutsa za LeBron. Timu ya Cleveland idamutenga pa nambala 1 ali ndi zaka 18, atangochoka kusekondale ku Akron, ndipo chiyambire pamenepo watenga mphotho ya MVP, ya wosewera wopambana onse pachaka, kanayi, zikho zinayi, komanso mu February 2023 adadumpha mapointi 38,387 amene Kareem Abdul-Jabbar adasiya. Carmelo Anthony adapita ku Denver pa nambala 3, Chris Bosh ku Toronto pa 4, Dwyane Wade ku Miami pa 5. Maina okoma kuwatchula. Koma funso ndi la gulu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Njira yachilungamo yoyezera gulu ndi kuchotsapo kaye mfumu yake, n'kuona amene atsala pabwalo.

Pa 2003 mukachoka LeBron patsala Wade, Anthony ndi Bosh, ndipo mwa atatuwa palibe adalandirapo MVP ya chaka. Pa 1996 pakachoka Kobe Bryant patsala Allen Iverson, MVP wa 2001, Steve Nash, MVP wa 2005 ndi 2006, ndi Ray Allen. Pa 1984 pakachoka Michael Jordan patsala Hakeem Olajuwon, Charles Barkley ndi John Stockton, ndipo mkangano ukadayenera kuthera pomwepa.

Otetezera 2003 akapanikizidwa chonchi amathawira ku mphete zimene osewera amalandira akatenga chikho. Amawerenga zinayi za LeBron, zitatu za Wade, ziwiri za Bosh, n'kunena kuti zonse pamodzi ndi 9. Masamu amenewa ndi a wogulitsa amene akuyeza thumba limodzi la chimanga katatu. Atatuwa adasonkhana ku Miami mu 2010, ndipo zikho za 2012 ndi 2013 adazitenga ali m'timu imodzi. Zikho zenizeni ndi zisanu: 2006, 2012, 2013, 2016 ndi 2020. Tsono gulu la 1984 lili ndi chinthu chimene 2003 silingachilote. Kuyambira 1991 mpaka 1998, zaka 8 zotsatizana, chikho cha NBA sichidatuluke m'manja mwa anthu awiri a draft imeneyo. Jordan ndi Chicago adatenga 6, Olajuwon ndi Houston adatenga 2 zapakatipo. Ngakhale amene ankagonja m'mafainalo kangapo adali a gulu lomwelo: Barkley ndi Phoenix mu 1993, Stockton ndi Utah mu 1997 ndi 1998. Anyamata anayi amene adasankhidwa tsiku limodzi ku New York adasandutsa ligi yonse bwalo la mkangano wapachiweniweni.

Stockton, amene Utah idamutola pa nambala 16 kuchokera ku Gonzaga, sukulu imene nthawi imeneyo idali yosatchuka pamasewerawa, adasiya mipira 15,806 yopatsira anzake kuti agoletse, ndipo adalanda mipira 3,265 kwa adani. Mpaka lero palibe wafikapo pa manambala awiriwo.

Munthu amene amaponderezedwa kwambiri pa mndandanda wa 1984 ndi Olajuwon. Anthu osanja maina mochedwa amakonda kumuika pansi pa Jordan ngati akupepesa m'malo mwa Houston, pamene ku Houston komweko sadadandaulepo chifukwa chomutenga pa nambala 1. Mnyamata wa ku Lagos ameneyu ankasewera mpira wamiyendo ngati goloboyi, ndipo basiketibolo adaiyamba ali ndi zaka 15. Mapazi a goloboyiwo ndiwo adadzasautsa David Robinson wa San Antonio mu 1995. Robinson adali atangolandira mphotho ya MVP, Olajuwon akuonerera, ndipo m'masewero 6 a ndime imeneyo Olajuwon ankathira mapointi 35 pa avereji. Ankanamizira kupita kumanja, Robinson n'kutsata, iye n'kutembenukira kumanzere, n'kukweza mpira ngati akuponya, Robinson n'kudumpha, iye n'kudutsa pansi pa mkono wake. Atamaliza pamenepo adakasesa Orlando ya Shaquille O'Neal 4-0 m'mafainalo. Ena amanyoza kuti zikho ziwirizo zidabwera Jordan atapita kukasewera baseball. Za 1994 n'zoona. Koma mu March 1995 Jordan adali atabwerera, ndipo adatulutsidwa ndi Orlando yomwe ija imene Houston idakaisesa. Mipira 3,830 imene Olajuwon adatchinga idakali nambala yapamwamba m'mabuku a NBA.

Za Sam Bowie, amene Portland idamutenga pa nambala 2 kusiya Jordan, zasekedwa mokwanira. Oseka amaiwala kuti Portland idali kale ndi Clyde Drexler pamalo amene Jordan ankasewera, ndipo idaluza Olajuwon pa kuponya ndalama yachitsulo. Cholakwa chawo chenicheni chidali kunyalanyaza mwendo wa Bowie, umene udali utamukhazika kale pansi zaka ziwiri ku Kentucky.

Ngati 1984 ili yoyamba chifukwa cha msinkhu wa anthu anayi, 1996 ndi yachiwiri chifukwa cha kuchuluka kwa anthu a ntchito. Bryant adatengedwa pa nambala 13 ndi Charlotte ali ndi zaka 17, n'kusinthanitsidwa ndi Vlade Divac wa Los Angeles Lakers, malonda amene adabala zikho zisanu ku Los Angeles. Nash, wobadwira ku Johannesburg koma wokulira ku Canada, adatengedwa pa 15, ndipo ochemerera a Phoenix adamukuwiza dzina lake litalengezedwa. Iverson, wamfupi pakati pa zimphona ndi msinkhu wa mamita 1.83, adanyamula Philadelphia pamsana mpaka m'mafainalo a 2001, n'kuthira mapointi 48 m'masewero oyamba olimbana ndi Lakers. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene Lakers idagonja m'ndime zonse za chipulula chaka chimenecho. Kumbuyo kwa amenewa kuli Peja Stojaković, Jermaine O'Neal, Stephon Marbury, Antoine Walker, Shareef Abdur-Rahim ndi Žydrūnas Ilgauskas, onse adaseweraponso m'masewero a All-Star. Pa mndandanda wa gulu limeneli Bryant ndi woyamba, ndipo wachiwiri ayenera kukhala Nash, ngakhale okonda malaya a Iverson angakwiye. Iverson adasintha kavalidwe ndi kayendedwe ka osewera. Nash, ndi mpira wothamanga wa Phoenix, adasintha mmene matimu amasewerera.

Tikabwerera ku 2003, Wade yekha ndiye ali ndi mlandu womveka. Mu 2006, LeBron asanalote zosamukira ku Miami, timu ya Wade idagonja masewero awiri oyamba a mafainalo kwa Dallas, ndipo iye adaidzutsa mpaka kupambana anayi otsatizana, akuthira mapointi oposa 34 pa avereji. Chikho chimenecho ndi chake ndithu, ndipo chimamuika pamwamba pa Ray Allen popanda kukangana. Koma sichimufikitsa pa Olajuwon. Anthony adali katswiri woponya, adatsogola pa mapointi mu 2013, koma m'mafainalo sadapondemo. Bosh adasiya masewera msanga chifukwa cha vuto la kuundana kwa magazi, ndipo zimenezo si mlandu wake. Akachoka anayiwa, ma All-Star otsala a 2003 ndi Chris Kaman, David West, Josh Howard, Mo Williams ndi Kyle Korver, osewera abwino amene palibe timu idamangapo tsogolo lake pa iwo.

Ndipo chikho cha 2013, chimene gulu la 2003 limachiwerenga katatu chija, adachipulumutsa ndi munthu wa 1996. M'masewero a chisanu ndi chimodzi a mafainalo, San Antonio idali patsogolo ndi mapointi atatu, nthawi itatsala masekondi ochepa. Ogwira ntchito m'bwalo adali atayamba kale kukoka zingwe zachikasu zokonzera mwambo wopereka chikho kwa alendowo, ndipo ochemerera ena a Miami adali atatuluka. LeBron adaponya, mpira udakana. Bosh adaudumphira n'kuuponyera kukona, kumene Ray Allen, wa zaka 37, ankabwerera chafutambuyo osayang'ana n'komwe pansi kuti aone mzere. Udalowa patatsala masekondi 5.2. Ukadapanda kulowa, atatu a Miami aja akadasiyana ali ndi chikho chimodzi chokha pa mafainalo anayi.

Owerenga mphete ali ndi vuto linanso, ndipo dzina lake ndi Darko Miličić. Detroit idamutenga pa nambala 2 mu 2003, kusiya Anthony, Bosh ndi Wade. M'chaka chake choyamba adalowa m'masewero 34 okha, akuthira pointi imodzi ndi kachidutswa pa avereji, nthawi zambiri mphunzitsi Larry Brown akumulowetsa zinthu zitatha kale. Chaka chomwecho Detroit idatenga chikho, motero Miličić ali ndi mphete imene Anthony, Barkley, Stockton, Nash ndi Iverson alibe. Pambuyo pake adabwerera kwawo ku Serbia n'kukayamba ulimi wa zipatso.

Amene adamuvekadi mpheteyo ndi Ben Wallace, mwana wa m'gulu la 1996 amene palibe timu ndi imodzi yomwe idamusankha pa draft ya chaka chimenecho. Adalowera ku Washington ngati woyesa mwayi, n'kudzatenga mphotho ya wotchinga kumbuyo wopambana onse kanayi. M'mafainalo a 2004 adalimbana ndi Shaquille O'Neal pansi pa nsanamira, ndipo Detroit idagonjetsa Lakers ya Bryant ndi Derek Fisher, anzake a 1996, 4-1. M'masewero omaliza Wallace adathira mapointi 18 n'kutola mipira 22 yobwerera, nambala 2 wa 2003 akuwomba m'manja pa benchi.